Zobvala Zaculuka Koma Nyumba Ndi Yomweyo

Mabanja ambiri a m'midzi ya m'Cigawo ca Kum'mawa ataya ndalama caka ndi caka pogula zobvala zolowa m'malo mwa zina zimene zinaonongeka zikali zolimba. Malaya odyedwa ndi ciswe m'katoni, diresi locita cuku m'thumba la pulasitiki, juzi imene makoswe anaswerapo ana, zonsezi sizinathere pathupi la munthu iai. Zinaonongekera pamalo pamene mwini wace anazisunga.

Nkhani ya kasungidwe ka zobvala ioneka ngati yaing'ono, yosiyira amai ndi ana akazi okha. Koma ikhudza ndalama zimene banja lipeza pogulitsa nsawawa, thonje ndi cimanga, ikhudza ulemu wa mwana pakati pa anzace kusukulu, ndiponso ikhudza umoyo, pakuti matenda ena a pakhungu ayambira m'zobvala zoyanikidwa ndi kusungidwa molakwika.

KALE NDI LERO

Makolo akale analibe bvuto lotere. Cobvala cao cinali ciwondo, nsalu ya khungwa la mtengo wa mombo losulidwa mpaka kufewa, kapena cikopa ca nyama. Munthu anali ndi cimene wabvala, ndipo cina cimodzi anali kucikoleka pa mzati.

Ngakhale m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, pamene nsalu zinali kuombedwa m'dziko muno ku Kafue Textiles ndipo pambuyo pace ku Mulungushi Textiles ku Kabwe, cobvala cinali cinthu ca mtengo wapatali. Mlimi anali kugula nsalu kamodzi pa caka atagulitsa mbeu zace, n'kupita nayo kwa telala wa pakhonde la sitolo. Bokosi limodzi lacitsulo linali kukwanira banja lonse.

Zinthu zinasintha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, makamaka pambuyo pa 1991 pamene malamulo a malonda anafewetsedwa. Zobvala za salaula, liu la Cibemba lotanthauza kusankha pamulu, zinayamba kufika m'mabelo kucokera kutsidya la nyanja, ndipo zinafalikira m'misika ya ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi mpaka m'midzi ya kutali. Lero mwana wa kumudzi angathe kukhala ndi malaya oposa amene agogo ace anabvala m'zaka khumi.

Koma nyumba sinakule. Ikali ya zipinda ziwiri, ndipo m'menemo muli matumba a cimanga, mbeu, feteleza, njinga ndi makasu. Zobvala zaunjikidwa pa cingwe cimodzi cimene cawerama ndi kulemera. Tsiku la Sabata m'mawa banja lonse lipasula mulu kufuna duku limodzi, ndipo zimene zagwa pansi zibwezedwa pa cingwe ndi fumbi lace.

COYAMBA NDI KUSANKHULA

Mlimi wanzeru saika nsawawa m'nkhokwe asanasankhule zobvunda. Ndi zobvala cimodzimodzi. Kugula bokosi lina kapena kumanga cingwe caciwiri sikuthandiza ngati theka la zimene zisungidwa palibe amene azibvala.

Tsiku la dzuwa, zobvala zonse za m'nyumba ziyenera kuturutsidwa ndi kuyalidwa pa mphasa yoyera, n'kugawidwa milu inai. Mulu woyamba ukhale wa zobvala za masiku onse, za kumunda ndi za pakhomo. Waciwiri ukhale wa zobvala za ulemu, monga za ku chalichi, za ku ukwati, za pa ulendo ndi mayunifomu a sukulu. Wacitatu ukhale wa zimene zidikira nyengo yace, monga majuzi, majekete ndi mabulangeti a m'cisanu, pamodzi ndi zimene zacepera mwana wamkulu koma zidzakwana mng'ono wace. Wacinai ndi wa zimene nchito yace yatha.

Mulu wacinaiwu ndiwo ubvuta, cifukwa munthu acita cifundo ndi cinthu cimene anagula ndi thukuta lace. Koma cobvala cimene capyola dzinja ndi cisanu osabvalidwa cingodya malo. Ngati cikali cabwino, cingapatsidwe kwa mbale kapena kwa mwana wamasiye wa m'mudzi. Ngati ndi cong'ambika, mabatani ndi zipi zicotsedwe ndi kusungidwa m'kacitini, mbali zolimba zidulidwe zikhale zigamba, ndipo zotsala zikhale zopukutira kapena zoika m'pilo. Cobvala cofuna kusoka cisabwerere pakati pa zinzace cisanasokedwe, pakuti kabowo ka cala cimodzi lero kadzakhala ka dzanja lonse mwezi wamawa.

ADANI A ZOBVALA

Mdani wamkulu ndiye cinyontho. Akulu anati walira mvula walira matope. Kuyambira Novembala mpaka Epulo, pansi pa nyumba ndi zipupa zace zimwa madzi, ngakhale zioneke zouma. Cobvala cokhudza cipupa kapena cogona pansi cikoka cinyontho cimeneci, ndipo posacedwa cimera cuku, timadontho takuda tija timene sopo sangathe kucotsa. Cuku ciumbudza nsalu mpaka ing'ambika ngati pepala. Thumba la pulasitiki lomangidwa kukamwa ndi msampha: cobvala cikalowamo cisanaumitsitse, cinyezi cisowa poturukira.

Waciwiri ndiye ciswe. Cakudya cace ndi mitengo, mapepala ndi nsalu za thonje, motero katoni yoikidwa pansi iri ngati nsima yopakulira mlendo ameneyu. Ciswe ciyenda mobisala, ciboola pansi pa katoni kapena pa bokosi lamatabwa, ndipo mwini wace adzazindikira atanyamula bokosi pansi pace n'kutsala. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Wacitatu ndiye njenjete. Kagulugufe kace sikadya nsalu. Zimene zidya ndi timphutsi toturuka m'mazira ace, ndipo tikonda ubweya, zikopa ndi nthenga, makamaka m'malo a mdima amene sagwedezedwa. Majuzi ndi mabulangeti a ubweya ndiwo ali pangozi. Nawonso Angoni amene asunga zikopa ndi nthenga zobvinira ku Nc'wala ku Mtenguleni mwezi wa Febuluwale ayenera kukumbukira kuti zobvala zimenezi zikhala miyezi yambiri osaziona, ndipo zifuna kuturutsidwa ndi kukutumulidwa kawirikawiri.

Mphemvu ndi makoswe zitsata fungo la cakudya. Dontho la msuzi pa malaya a mwana, kapena nsawawa zoiwalika m'thumba la buluku, ndizo ziitana adani amenewa. Lamulo lace ndi lapafupi: cobvala cosacapa cisalowe m'bokosi, ngakhale cinabvalidwa tsiku limodzi lokha. Zobvala zisasungidwenso pafupi ndi matumba a cimanga, kapena m'cipinda cophikira m'mene utsi uzidetsa ndi kuzinunkhitsa.

MALO ALI M'MWAMBA

Anthu ambiri poyesa kukula kwa cipinda ayang'ana pansi pokha. Koma pakati pa mutu wa munthu ndi denga pali malo ambiri ongokhala. Banja limene liribe ndalama zogulira kabati ya zobvala lingathe kugwiritsa nchito malo amenewa ndi zinthu zopezeka m'mudzi momwemo.

Nsungwi youma ndi yoongoka iposa cingwe, cifukwa siwerama ndipo zobvala siziunjikana pakati. Imangidwe ku mapaso ndi waya kapena ndi luzi lolimba kumbali zonse ziwiri, motalikirana ndi cipupa masentimita 30, kuti mapewa a jekete asakhudze cipupa ndi kuti mpweya uzipita kumbuyo. Diresi lalitali lifuna malo a masentimita 150 kucokera pa nsungwi kutsika pansi, koma malaya ndi masiketi afuna mita imodzi cabe. Cotero pa cipupa cotalika mamita awiri pangapacikidwe nsungwi ziwiri, ina pamwamba ina pansi pace. Malo omwewo alandira zobvala zowirikiza kawiri, ndipo nsungwi ya pansi ikhala ya ana, amene angathe kufikira okha mayunifomu ao.

Mahang'ala sacita kufuna sitolo. Kamtengo kosalala ka masentimita 40, komangidwa ndi cingwe pakati, kagwira malaya bwino lomwe. Opanga ndi waya ayenera kukulunga wayayo ndi kansalu, pakuti dzimbiri likalowa m'malaya oyera silicoka. Msomali wokhomedwa pa cipupa uli ndi bvuto lomwelo, ndiponso uboola kolala. Ena aubveka citsononkho ca cimanga ndipo bvuto litha. Majuzi okha asapacikidwe, cifukwa atamuka ndi kutaya maonekedwe ace; ayenera kupindidwa.

Pa ngodya ya cipinda pangamangidwe kansanja ka mashelefu atatu kapena anai, monga m'mene amangira thandala la mbale, koma ndi nsungwi kapena bango losalazidwa bwino. Shelefu ya pansi italikire masentimita 30 kucokera pansi kuti tsace lizilowa ndi kuti njira ya ciswe izioneka msanga. Munthu aliyense m'banja akhale ndi shelefu yace kapena dengu lace. Citenje cakale ca mamita awiri cikapacikidwa kutsogolo citchinga fumbi, ndipo cipinda cioneka caudongo. Citenje cina cingasokedwe matumba-matumba n'kupacikidwa kuseri kwa citseko, kuti muzikhala masokosi, maduku, malamba ndi tina tating'ono timene tisowa kawirikawiri.

Kunsi kwa bedi ndi malo abwino a sutikesi ndi nsapato, malinga ngati zikhala pa thabwa kapena pa njerwa zootcha, osati pa dothi. Nsapato zikutumulidwe zisanabvalidwe, cifukwa zinkhanira zikonda mdima wa m'menemo. Amene akwanitsa kuitanitsa kabati kwa mmisiri wa matabwa acita bwino kufunsa za mtengo wace. Mlombwa wokhwima subooledwa msanga ndi ciswe. Kabati yopacikamo majekete ikhale ya masentimita 60 kucokera kutsogolo kufika kumbuyo, ndipo ikhale ndi miyendo ndi timabowo ta mpweya.

ZA M'BOKOSI

Bokosi lacitsulo likali mfumu ya zosungiramo m'midzi, pakuti khoswe ndi ciswe sizilowamo. Koma nalonso licita dzimbiri likakhala pansi ponyowa. Liikidwe pa njerwa zinai, lisakhudze cipupa, ndipo m'kati mwace muyalidwe nsalu yakale yoyera. Zolemera monga mabulangeti zikhale pansi, zopepuka pamwamba. Zimene zifunika sabata iri yonse zisalowe m'bokosi limodzi ndi za m'cisanu, cifukwa kufukula tsiku ndi tsiku ndiko kusokoneza zonse.

Zitenje, matewera ndi zobvala za ana zitenga malo ocepa zikakulungidwa ngati mphasa ndi kuimikidwa mondondozana m'dengu kapena m'sutikesi. Mai aona zonse nthawi imodzi, ndipo atenga cimene afuna popanda kugwetsa zina. Zobvala zodikira mwana wamng'ono zimangidwe m'mitolo monga mwa msinkhu, mtolo uli wonse m'citenje cace. Zikwama zazikulu za ukwa zithandiza pa mabulangeti, koma zikhale pamwamba, ndipo zizitsekulidwa masiku a dzuwa.

Mwambo nawonso uli ndi malo ace pa nkhaniyi. Zobvala za m'kati za makolo ndi mikanda ya amai siziikidwa poonekera kapena pamodzi ndi za ana. Kasutikesi kapadera kasunga ulemu umenewu. Anyamata ndi atsikana amene agona kumphala ndi kugowelo apatsidwe nsungwi yao ndi dengu lao komweko, kuti aphunzire kudzisamala.

Mabanja ambiri asunga m'bokosi lomwelo citupa ca Boma, makadi a ana a ku sikelo ndi masatifiketi a sukulu. Mapepala amenewa ndiwo oyenera thumba la pulasitiki, ndipo akhale pamwamba pa zobvala kuti apezeke msanga pa tsiku la ngozi.

MPHUTSI ZA M'DZINJA

Pali nchenche ina yofiirira imene ibvutitsa kwambiri m'nyengo ya mvula. Yaikazi iikira mazira 100 kufikira 300 pa mcenga wouma wa pamthunzi umene wadetsedwa ndi mkodzo kapena cimbudzi, ndiponso pa zobvala zonyowa zoyanikidwa pansi kapena pamthunzi. Mazirawo aswa patapita tsiku limodzi kufikira masiku atatu. Munthu akabvala cobvalaco, kamphutsi kalowa m'khungu mwakacetecete. Pamalopo paturuka cotupa conga cithupsa, cokhala ndi kabowo pakati, coyabwa ndi cobaya. Mphutsiyo ikula m'menemo masiku 8 kufikira 12 isanaturuke yokha.

Makanda ndiwo agwidwa kwambiri, kaamba ka matewera. Agalu nawonso asunga mphutsi zimenezi, motero sayenera kugona pa zobvala kapena pa zofunda za anthu.

Kupewa kwace kuli m'manja mwa banja. Zocapa ziyanikidwe pa cingwe, padzuwa leni-leni, osati pa udzu, pa mcenga kapena pansi pa mtengo wa mango. Zikauma zisitidwe ndi nsimbi yotentha mbali zonse ziwiri, makamaka m'misoko ndi m'ciuno, popeza kutentha ndiko kupha mazira. Matewera, zobvala za m'kati, matawulo ndi nsalu za pabedi zifuna nsimbi koposa malaya a ku chalichi. Zobvala zambiri za salaula ndi za nayiloni, zimene zisungunuka ndi nsimbi ya makala. Zotere zisitidwe poyala nsalu ya thonje pamwamba pace.

Ngati cotupa caoneka kale, kupaka Vaseline wambiri pa kabowoko kutsekereza mpweya, ndipo mphutsi isendera kunja. Kuboola ndi minga kapena kufinya mwamphamvu kungaiphwanyire m'kati ndi kuyambitsa cironda. Zotupa zikakhala zambiri, kapena pafupi ndi diso, kapena pa khanda, wodwalayo apite naye ku cipatala.

Nsimbi ndi madzi otentha zithandizanso pa nsabwe, zimene zibisala ndi kuikira mazira m'misoko. Ngati m'nyumba mwalowa mphere, zobvala ndi zofunda za onse zicapidwe ndi madzi otentha pa nthawi imene alandira mankhwala. Zosatheka kucapa zitsekeredwe m'thumba masiku osacepera atatu, cifukwa tizirombo ta mphere sitikhala moyo nthawi yaitali kunja kwa thupi la munthu. Cobvala ciri conse cogulidwa pa msika cicapidwe ndi kusitidwa cisanakhudze thupi kapena kulowa m'bokosi.

UDZUDZU, MOTO NDI MANKHWALA

Mulu wa zobvala zakuda ndi za thukuta zolendewera pafupi ndi bedi ndi malo amene udzudzu upumulira usana, kudikira usiku. Zobvala zikacepa pa cingwe ndi kulowa m'mabokosi, mobisala mwa udzudzu mucepanso. Ndipo pamene a zaumoyo afika kudzapopera mankhwala a malungo m'zipupa, nyumba yolongosoka ituruka katundu mwamsanga, m'malo mwakuti eni ace abweze opopera cifukwa coopa cinchito.

Koloboyi, kandulo ndi mbaula zisakhale pansi pa zobvala zopacikidwa. Nsalu ya nayiloni ikagwira moto isungunuka ndi kumatirira pakhungu, ndipo m'nyumba ya udzu lawi lifika ku denga m'kanthawi kocepa.

Alimi a thonje ndi fodya acenjere ndi mankhwala opopera mbeu. Mabotolo ace asasungidwe m'cipinda ca zobvala, ndipo zobvala zopopera nazo zicapidwe pazokha ndi kupacikidwa kunja, kutali ndi za ana. Matumba amene munali feteleza kapena mbeu zopakidwa mankhwala si malo a zobvala.

Timibulu toyera tonunkha timene tigulitsidwa tothamangitsira njenjete tifuna kusamala kwakukulu. Tambiri tiri ndi mankhwala ochedwa naphthalene, amene angaononge magazi a makanda ena ndi kuwacititsa cikasu, ngakhale mwa fungo lokha lotsalira m'nsalu. Tisaikidwe m'zobvala kapena m'zofunda za khanda, ndipo tibisidwe kwa ana amene angatiyese maswiti. Njira imene iribe ngozi ndiyo ya makolo: kucapa, kuumitsa, kuyanika padzuwa ndi kukutumula.

NCHITO YA BANJA LONSE

Monga ulimi, kasungidwe ka zobvala kali ndi nyengo zace. Mu Okutobala, mvula isanagwe, ndi nthawi yofolera podontha, yokweza mabokosi pa njerwa ndi yocapa majuzi ndi mabulangeti asanatsekeredwe. M'dzinja, tsiku liri lonse la dzuwa lowala ndi mwai wotsekula mabokosi kuti apite mphepo, ndi woyang'ana njira za ciswe kuseri kwace. Mu Disembala mayunifomu ayesedwe ndi kusokedwa sukulu zisanatsekulidwe mu Januwale. Mu Meyi, pamene mphepo iyamba kuzizira, za m'cisanu zituruke ndi kuyanikidwa cozondotsa kuti dzuwa lisacotse mtundu wace. Imeneyi ndiyonso nthawi yabwino yosankhula, banja lisanapite ku msika ndi ndalama za zokolola, kuti ligule cimene cisowadi.

Nchito imeneyi siingathe ndi amai okha. Kudula nsungwi, kumanga kansanja ndi kukonza denga ndi mbali ya abambo. Mwana wa zaka zisanu ndi cimodzi angathe kupinda kabudula wace ndi kumuika m'dengu, ndipo wa kusukulu angathe kubvula yunifomu akangofika ndi kuipacika pamalo pace. Makalabu a azimai ndi magulu a m'machalichi angathandize pophunzitsana kusoka matumba a kuseri kwa citseko, ndi posonkhanitsa zobvala zocepa kuti zifike kwa osowa.

Nsungwi ziwiri, njerwa zinai ndi citenje cakale sizifuna ngongole. Pang'ono-pang'ono ndi mtolo. Banja limene liyamba ndi shelefu imodzi mwezi uno lidzapeza kuti yunifomu ya mwana wamkulu yafika kwa mng'ono wace ikali yolimba, ndipo ndalama imene ikanapita ku salaula yagula mbeu ndi makope a sukulu.